Mmene mungatetezere mafayilo achinsinsi pa kompyuta imene mumagwiritsa ntchito ndi anthu ena

M'maofesi ambiri ang'onoang'ono a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kompyuta imakhala imodzi koma manja amene amaigwira pa tsiku ndi ambiri. Mlembi wa bungwe la alimi amalembapo mayina a mamembala m'mawa, msungichuma amawerengerapo ndalama masana, ndipo chakumadzulo mwana wa wapampando amabwera kudzasindikiza ntchito ya kusukulu. Kunyumba nakonso n'chimodzimodzi, chifukwa laputopu imodzi imakhala ya bambo, ya mayi, ya ana ndiponso ya mlamu amene wabwera kudzacheza. Pa disiki yomweyo pamakhala zithunzi za BI (chiphaso cha nzika), nambala za msonkho za NUIT, mapepala a DUAT (chilolezo chogwiritsa ntchito malo) ya munda, zotsatira za kuchipatala ndi makalata okhudza milandu ya m'banja.

Zaka zingapo zapitazo ndinkasunga mabuku a bungwe lina la alimi a mbatata kufupi ndi Ulongue. Tsiku lina ndinalemba mu Excel mayina a anthu amene anatenga feteleza pa ngongole ndipo anali asanabweze, ndinasindikiza pepalalo, ndinafufuta fayiloyo n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. Patapita masiku atatu, mayi wina wachikulire anandipeza pakhomo pa ofesi atafunda chitenje chifukwa cha chisanu cha mwezi wa Juni, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, ngongole yanga yafika bwanji kuchigayo?" Fayilo ija inali ikadali mu Reciclagem, dzala la pa kompyuta kumene mafayilo ofufutidwa amayamba apita, ndipo munthu amene anabwera kudzataipa kalata anaiona n'kuitsegula. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti fayilo yachinsinsi imatetezeka pokhapokha ikakhomedwa iyo yeniyeniyo, komanso ngati makope ake onse otsalira afufuzidwa ndi kuchotsedwa. Zina zonse ndi zothandizira chabe.

Nkhaniyi si ya ulemu wokha ayi. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a chaka cha 2004, pa ndime 71, amaika malire pa kusunga m'makompyuta nkhani zokhudza moyo wa munthu payekha, ndipo lamulo nambala 19/2014 limateteza chinsinsi cha munthu amene ali ndi HIV. Aliyense amene amasunga nkhani za anthu ena, kaya ndi mlembi wa pasukulu, wa kutchalitchi kapena wa gulu losungitsa ndalama, wanyamula udindo umene sangaukankhire kwa makina.

Yambani ndi kupatsa munthu aliyense akaunti yake

Pa Windows 10 ndi Windows 11, tsegulani Definições, imene pa makompyuta a Chingerezi ochokera ku Malawi kapena ku South Africa imalembedwa Settings, kenako lowani pa Contas ndi kupeza malo owonjezerapo anthu ena. Munthu aliyense akhale ndi akaunti yake ndi mawu ake achinsinsi, amene kuno ambiri timangowatchula kuti senha. Chofunika kwambiri n'chakuti maakaunti a anthu onse akhale wamba, ndipo ya Administrador, imene ili ndi mphamvu zonse pa kompyutayo, ikhale imodzi yokha, m'manja mwa munthu mmodzi wodalirika amene sakuigwiritsa ntchito polemba makalata a tsiku ndi tsiku. Akaunti wamba singatsegule foda ya Documentos ya munthu wina ndipo singaike mapulogalamu ambiri popanda chilolezo, pamene Administrador angathe kulowa m'foda ya wina aliyense akangodina batani lovomereza. Mukamadzuka pampando, ngakhale mukungopita kukamwa madzi, dinani batani la Windows pamodzi ndi L kuti sikirini itsekeke.

Apa m'pamene anthu ambiri amalekera, ndipo m'pamene amanamizika. Senha ya Windows imatseka njira yolowera kudzera pa sikirini, koma siisintha zimene zalembedwa pa disiki. Munthu wodziwa pang'ono angathe kuyatsa kompyutayo ndi Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yoikidwa pa fulashi, kapena kumasula disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo mafayilo onse adzaonekera ngati chimanga cha m'nkhokwe yopanda denga. Kubisa foda podina Oculto sikuthandizanso, chifukwa aliyense angathe kusankha kuti zobisika zionekere, ndipo kusintha dzina la fayilo kuti ioneke ngati nyimbo kumangonamiza mwana wamng'ono.

Kukhoma fayilo yeniyeniyo

Njira yodalirika ndi imene pa Chipwitikizi amati encriptação, kutanthauza kusandutsa zolembedwa kukhala manambala osokonekera amene sabwerera m'chimake popanda senha yolondola. Mapulogalamu onse okhomera amene nditchule pano amagwiritsa ntchito njira yotchedwa AES, imene boma la United States linaivomereza m'chaka cha 2001 ndipo lero mabanki ndi maboma ambiri amaidalira. Fayilo yokhomedwa motere ikhoza kukoperedwa, kubedwa kapena kutumizidwa kulikonse, koma wopanda senha sangawerengemo ngakhale liwu limodzi.

Ngati muli ndi kalata imodzi kapena tebulo limodzi la ndalama, Word ndi Excel zili kale ndi loko wake. Dinani Ficheiro, kenako Informações, kenako Proteger Documento, ndipo musankhe Encriptar com Palavra-passe. Mu Excel dzina lapakatilo ndi Proteger Livro. Onetsetsani kuti dzina la fayiloyo likuthera ndi docx kapena xlsx, chifukwa mitundu yakale ya doc ndi xls, ya Office isanafike 2007, ili ndi loko wofooka amene amathyoledwa mosavuta. Musasokonezenso zimenezi ndi senha yoletsa kusintha selo za mu Excel, imene siibisa kanthu kwa wowerenga. LibreOffice, imene ndi yaulere, nayonso imalola kusunga fayilo ndi senha pa nthawi imene mukuipatsa dzina.

Mafayilo akakhala ambiri ndiponso osakanikirana, monga zithunzi za BI, ma PDF ndi makalata, pulogalamu yaulere ya 7-Zip, imene Igor Pavlov anaitulutsa koyamba mu 1999, ndiyo yosavuta kuyamba nayo. Ikani zonse m'foda imodzi, dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani 7-Zip ndi mzere wowonjezera ku arquivo, kutanthauza fayilo imodzi yomanga zonsezo ngati mtolo. Pa Windows 11 muyenera kuyamba mwadina Mostrar mais opções kuti mzerewo uoneke. Pa zenera limene lidzatseguke sankhani mtundu wa 7z, lembani senha kawiri, ndipo muchonge kabokosi kokhomanso mayina a mafayilo. Kabokosi kameneka musakaiwale, chifukwa fayilo yotchedwa "zotsatira za magazi" kapena "kalata ya chisudzulo" yaulula kale nkhani ngakhale munthu asanaitsegule. Mtundu wa zip sukhoma mayina, ndipo njira yake yakale ya ZipCrypto ndi yofooka. Mukamaliza, tsegulani arquivo yatsopanoyo kuti mutsimikize kuti senha ikugwira, ndiye pambuyo pake muchotse foda yoyamba ija.

Vuto la 7-Zip limaonekera pa mafayilo amene mumawasintha tsiku ndi tsiku. Mukatsegula fayilo mkati mwa arquivo, pulogalamuyo imayamba yaika kope losakhoma m'foda yongoyembekezera ya Windows, ndipo imalichotsa mukatseka bwinobwino. Koma magetsi akathima mwadzidzidzi, monga zimachitikira kawirikawiri nthawi ya dzinja, kopelo likhoza kutsalira. Kuti muone, dinani Windows ndi R, lembani %temp% ndi kuyang'ana mafoda amene mayina awo akuyamba ndi 7z.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi yosunga zinsinsi tsiku lililonse, ine ndimalangiza VeraCrypt. Ndi yaulere, inatuluka mu 2013, ndipo inamangidwa pa maziko a TrueCrypt, imene eni ake anasiya kuikonza mu 2014. Choncho mukapeza TrueCrypt pa kompyuta yakale, musaidalire. VeraCrypt imapanga fayilo imodzi yaikulu imene imagwira ntchito ngati sefa ya mu ofesi. Mukaitsegula ndi senha, imaoneka ngati disiki yatsopano yokhala ndi chilembo chake, mwachitsanzo M, ndipo mungalembemo, kusinthamo ndi kusungamo monga mwa masiku onse. Mukaitseka, chilembocho chimasowa ndipo pamatsala fayilo imodzi yosamveka.

Kuiika pa kompyuta kumafuna Administrador, koma ikangoikidwa, akaunti wamba ikhoza kutsegula sefa yake. Dinani Create Volume, sankhani kupanga encrypted file container, kenako mtundu wa Standard, ndipo muipatse dzina ndi malo m'foda yanu. Njira yokhomera muisiye pa AES. Kukula kwake muganizire bwino, chifukwa kumakhazikika pa chiyambi: ma gigabyte 2 amakwana makalata ndi matebulo a zaka zambiri, ndipo ngati mukufuna kudzaikopera pa fulashi ya mtundu wa FAT32, isafike ma gigabyte 4, popeza FAT32 siilandira fayilo yoposa pamenepo. Pulogalamuyo idzakuchenjezani ngati senha yanu ili ndi zilembo zosakwana 20. Kenako idzakupemphani kuti muyendetse mausi uku ndi uku pa zenera mpaka kamzere ka m'munsi kadzaze. Ambiri amafulumira pamenepa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa kuyenda kwa dzanja lanu n'kumene kumathandiza kupanga kiyi amene wina sangamulote. Mukadina Format, sefayo yakonzeka. Poitsegula, sankhani chilembo, dinani Select File, kenako Mount. Poitseka dinani Dismount, limene pa mitundu yatsopano lalembedwa Unmount.

Pali chinthu chimodzi chimene wogwiritsa ntchito kompyuta ya anthu ambiri ayenera kuchidziwa bwino. Sefa ya VeraCrypt ikakhala yotsegula, anthu ena amene alowa pa maakaunti awo pa kompyuta yomweyo akhoza kuionanso. Ngati mwangotseka sikirini n'kulola mnzanu kulowa pa akaunti yake, chilembo M chija chikhoza kumuonekera ndi zonse zili m'menemo. Choncho muzitseka sefayo musanadzuke, ndipo pa Preferences musankhe kuti izidzitseka yokha sikirini ikatsekedwa kapena pakapita mphindi zingapo isanagwiritsidwe ntchito.

BitLocker, imene imapezeka pa Windows ya mtundu wa Pro, Enterprise ndi Education, imakhoma disiki yonse. Ndi yabwino kwambiri pa laputopu imene ingabedwe m'chapa pa ulendo wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, koma siikutetezani kwa anzanu a mu ofesi, chifukwa kompyuta ikangoyaka disikiyo imatseguka kwa onse amene ali ndi maakaunti. Mukaiyatsa, imakupatsani nambala yopulumutsira ya manambala 48, imene muyenera kuisindikiza ndi kuisunga kutali ndi kompyutayo.

Senha imene singalotedwe ndiponso singaiwalike

Loko aliyense amene ndatchula amalimba molingana ndi senha yake. Tsiku lobadwa, dzina la mwana, nambala ya foni, manambala 9 a NUIT kapena PIN ya M-Pesa ndi e-Mola ndi zinthu zimene anthu okuzungulirani amazidziwa kapena angazipeze. Njira yabwino ndi kulumikiza mawu 5 kapena 6 osagwirizana, ena a Chichewa, ena a Chipwitikizi, ndi nambala pakati, monga mmene mungaikire pamodzi khasu, mtsinje, janela, 47, bakha ndi sabão. Musatenge chitsanzo chimenechi, pangani chanu. Senha yotere ndi yaitali moti makina oyesa mamiliyoni a mawu sangaipeze msanga, koma mutu wa munthu umaigwira.

Dziwani kuti mukaiwala senha ya VeraCrypt kapena ya 7-Zip, palibe mmisiri wa ku Moatize, ku Beira kapena ku Maputo amene angakutsegulireni. Mafayilo a bungwe sayenera kufa ndi munthu mmodzi kapena kuchoka naye akasamutsidwa. Lembani senhayo papepala, muiike mu envulopu yomata, musayine pa chomatacho pamodzi ndi wapampando, ndipo isungidwe kumene kumasungidwa ndalama, osati pansi pa kiyibodi kapena kuseri kwa kalendala ya pakhoma.

Kufufuza makope otsalira

Fayilo imodzi imabereka ana ambiri osadziwika. Imene munailandira pa imelo kapena pa WhatsApp ili mu Transferências, imene munaijambula pa sikana ili m'foda ya Imagens kapena ya Documentos, imene munaiika pafupi kuti muisindikize ili pa Ambiente de Trabalho, ndipo imene munaifufuta ili mu Reciclagem, monga inachitira yanga ija. Mukamaliza kukhoma, pitani m'malo onsewa limodzi ndi limodzi. Pofufuta, gwirani Shift pamodzi ndi Delete kuti fayiloyo isadutse mu Reciclagem. Word ndi Explorador de Ficheiros zimasonyezanso mayina a mafayilo amene atsegulidwa posachedwa, ndipo mndandanda umenewo muziuchotsa ngati akauntiyo si yanu nokha.

Komabe kufufuta sikuchotsa zolembedwa pa disiki nthawi yomweyo. Windows imangolemba kuti malowo ndi opanda mwini, ndipo mpaka fayilo ina idzalembedwe pamwamba pake, mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec akhoza kubweza zimene munafufuta miyezi yapitayo. Pa disiki yakale yozungulira, imene ili m'makompyuta ambiri a m'maofesi athu, Windows ili ndi mankhwala ake. Tsegulani Linha de Comandos ngati Administrador, tsekani mapulogalamu ena onse, ndipo mulembe cipher /w:C:\ kenako Enter. Lamulo limeneli limalemba katatu pamwamba pa malo onse opanda kanthu osakhudza mafayilo amene alipo, ndipo limatenga maola angapo, choncho muliyambitse m'mawa pa tsiku limene magetsi akuoneka okhazikika. Pa disiki yamakono ya SSD kulemba pamwamba sikutsimikizika chifukwa disikiyo imasamutsa yokha zolembedwa mkati mwake, ndiye nzeru ndi yoti fayilo yachinsinsi muziipangira ndi kuisunga mkati mwa sefa kuyambira pa chiyambi, isagonepo panja.

Pulogalamu yotsegulira intaneti nayonso imasunga zambiri. Chrome, Edge kapena Firefox ikakufunsani ngati isunge senha yanu, kanani. Pa akaunti yogawana, tsegulani zenera lachinsinsi ndi Ctrl, Shift ndi N pa Chrome ndi Edge, kapena Ctrl, Shift ndi P pa Firefox, koma mukumbukire kuti zimene mwakopera pa intaneti zimatsalabe mu Transferências ngakhale zeneralo litatsekedwa. WhatsApp Web ndiyo imagwetsa anthu ambiri, chifukwa kutseka zenera sikutuluka. Ndinaonapo mauthenga a mphunzitsi wina akulowa limodzi ndi limodzi pa sikirini ya m'kashopu kosindikizira mapepala, iye atachoka kalekale, anthu atatu ali pamzere akuwerenga. Mukakayikira, tsegulani WhatsApp pa foni yanu, lowani pamene pamaonetsa zipangizo zolumikizidwa, ndipo mutulutse chilichonse chimene simukuchigwiritsa ntchito.

Popita kukasindikiza m'mashopu otere, nyamulani pa fulashi fayilo yokhayo imene mukufuna, makamaka ya PDF, ndipo musalole kuti ikoperedwe pa kompyuta ya m'shopumo. Mafulashi amene amayenda m'makompyuta ambiri amatenga kachilombo kamene kamabisa mafoda enieni n'kuika njira zachidule zabodza m'malo mwake, choncho fulashi yosindikizira ikhale yosiyana ndi yosungira zinthu zofunika.

Kope losungira ndi malire a chitetezo

Kukhoma kumateteza kuti wina asawerenge, koma sikuletsa wina kufufuta. Mnzanu wofuna malo oikapo mafilimu akhoza kuona fayilo yaikulu yosadziwika n'kuichotsa, ndipo disiki nayonso imafa ndi fumbi, ndi kuthimathima kwa magetsi kapena ndi kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Kamodzi pa sabata, tsekani sefayo ndipo mukopere fayilo yake yonse pa fulashi kapena pa disiki yakunja imene imagona nyumba ina. Popeza ndi yokhoma kale, mungaiikenso pa Google Drive ngati muli ndi ma megabyte okwanira. Mwezi uliwonse yesani kutsegula kope losungiralo kuti mutsimikize kuti lili moyo.

Kompyuta ikafuna kukonzedwa, funsani mmisiri ngati ntchitoyo ikufunadi senha yanu, ndipo ngati n'kotheka mumupangire akaunti yapadera imene mudzaichotse akamaliza. Windows 10 inasiya kulandira zokonza zachitetezo zanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndiye ngati makina anu angathe kunyamula Windows 11, kambiranani ndi eni ofesi kuti asinthe.

Pomaliza pali malire amene pulogalamu iliyonse singawadutse. Ngati Administrador wa kompyutayo ndi munthu amene simukumukhulupirira, akhoza kuika pulogalamu yojambula batani lililonse limene mwadina, ndipo senha yanu yaitali ija adzaiwerenga ngati kalata. Pa kompyuta yotero, monga ya m'kashopu ka intaneti kapena ya munthu amene mukulimbana naye mlandu wa malo, musatsegule sefa yanu ngakhale kamodzi, ndipo ngati munalembapo kale senha ya imelo kapena ya banki, muisinthe lero pogwiritsa ntchito foni yanu.